Banja likavuta ku Makanjira amapita kwa yani?

Ku Makanjira mkazi akakwatiwa, kawirikawiri sachoka pamudzi pawo. Mwamuna ndiye amabwera, n'kumanga nyumba pafupi ndi ya apongozi ake, n'kumalima munda umene akuchikazi amulozera. Ndicho chikamwini chimene Ayao akhala nacho kuyambira makolo, monganso Amang'anja, Alhomwe ndi Achewa ambiri. Choncho banja likayamba kugwedezeka, mkazi sayenda mtunda kuti apeze womumvera. Amayi ake ali kuseri kwa nkhokwe, achemwali ake amakumana nawo pamjigo m'mawa uliwonse, ndipo amalume ake, eni mbumba, ali m'mudzi momwemo kapena patsidya pa mtsinje. Mlendo wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe angaganize kuti pamalo otere palibe banja limene lingavutike anthu osadziwa. Koma mabanja otero alipo ambirimbiri. Ena amadziwika tsiku limene mkazi waponyera mwamuna zovala panja, ena tsiku limene anthu anyamula mkaziyo kuthamangira naye kuchipatala.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa inenso ndidasenza unkhoswe wa mwana wa mlongo wanga, ndipo ndakhalapo pa mikeka yambiri pamene mabanja a abale ndi anansi amakambidwa. Chimene ndaona n'chakuti makomo ogogodapo sasowa. Alipo ankhoswe, ashehe, amfumu, apolisi, akhoti, ngakhalenso asing'anga. Vuto n'lakuti anthu amagogoda mochedwa, ena amagogoda polakwika, ndipo khomo loyamba lenileni, la ankhoswe, talilekerera kuti lifooke.

Ukwati wa kwathu suyamba ndi anthu awiri okha. Mnyamata akafunsira mbeta n'kuloledwa, amakauza amalume ake, mtsikana naye amauza ake, ndipo mbali ziwirizi zimakumana. Oimira mbali iliyonse ndiwo ankhoswe, amene pa Chiyao amatchedwa anamangoswe. Kwa Asilamu, omwe ndi ochuluka kwambiri m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, pamabweranso nika, pamene ashehe amamanga ukwati pamaso pa mboni, mwamuna n'kupereka mahari kwa mkazi. Koma ngakhale nika itachitika, mwana akadwala usiku, mwamuna akasiya kugona pakhomo, mkazi akakana kuphika, woyamba kuuzidwa ndi nkhoswe. Ngakhale kwa amfumu, munthu akafika ndi nkhani ya banja, funso loyamba limakhala lakuti, “Ankhoswe anu akudziwa?” Akayankha kuti ayi, amabwezedwa kuti akayambe wawauza.

Amene sadakhalepo pabwalo la ankhoswe sangadziwe luso limene lili pamenepo. Sakhala pagulu. Amayala mkeka kuseri kwa nyumba, nthawi zambiri madzulo anthu atachoka ku swala ya alasiri, ana n'kuwatuma kutali. Wodandaula amayamba, ndipo samudula mawu ngakhale atayambira nkhani yake chaka chimene mwana woyamba adabadwa. Kenaka nkhoswe wa mbali ina amatembenukira kwa m'bale wake n'kunena kuti, “Mwamva. Tiyankheni.” Chokoma cha bwalo limeneli n'chakuti wodzudzula mwamuna ndi m'bale wake wa mwamunayo, wodzudzula mkazi ndi amalume ake a mkaziyo. Munthu amatha kumeza mawu owawa akachokera kwa wake, mawu omwewo amene akadachokera kwa apongozi akadayatsa moto wina. Palibe cholembedwa, palibe wolipira ndalama, palibe womangidwa. Cholinga n'chakuti anthu awiriwo adzadyere mbale imodzi mawa.

Mwana wa mlongo wanga uja adakwatiwa ndi mnyamata wogwira ulovi pa chilimira cha munthu wina. Usipa ukasowa kufupi, bwato lawo linkasamukira kumadoko akutali, ndipo mnyamatayo ankatha milungu osaoneka. Pobwera ankabwera chimanjamanja. Mkazi adayamba kumva manong'onong'o akuti ndalama zikuthera kwa mayi wina wogula nsomba padoko. Sadandiuze. Adayamba kuchedwetsa nsima, kenaka kusiya kumuikira madzi kubafa, kenaka kugona chopenya kukhoma. Mwamuna naye adayamba kuswera pabawo mpaka mdima. Nkhani idandipeza nyengo yonse ya mwera itadutsa, ndipo amene adandiuza ndi mlongo wanga, osati eni banja.

Titakhala pansi, mkazi adalankhula mpaka misozi. Nditafunsa kuti, “Akamwini, inu mukuti bwanji?” iye adangoti, “Palibe vuto, amalume,” maso ali pansi. Nkhoswe wake, yemwe adali mkulu wake weniweni, adapempha kuti apite naye pambali. Adatsikira kumchenga awiriwiri, ndipo pobwera nkhani idali ina. Mnyamatayo adakongola ndalama kwa mwini chilimira pamene amayi ake ankadwala, ndipo gawo lake la nsomba linkadulidwa ulendo uliwonse pobweza ngongoleyo. Ankachita manyazi kuuza mkazi wake. Ankaopa kuti pamudzi pa eni adzatchedwa mkamwini wopanda pake, wodya za apongozi kwinaku thukuta lake likupita kwawo. Za mayi wa padoko zija zidali nkhambakamwa. Tidagwirizana kuti mkazi adziwe kukula kwa ngongoleyo ndi mmene ikutsikira, ndipo mkaziyo adayamba kuyanika usipa pathandala n'kumagulitsa. Banjalo lilipo mpaka lero.

Ndimaikumbukira nkhaniyi chifukwa cha miyezi imene idatayika. Chinthu chimene mkulu wake adachitulutsa pa kanthawi kochepa kumchenga chidazunza anthu awiri nyengo yonse, ana akuona. Ndipo chidatheka kutuluka chifukwa nkhosweyo adali m'bale weniweni, womudziwa mnyamatayo kuyambira ali wamng'ono, wodziwa kuti akati “palibe vuto” ndiye kuti vuto lakula.

Amuna ndiwo ovuta kwambiri pa nkhani yopempha thandizo. Pafupifupi milandu yonse ya banja imene ndaiona, wokadandaula ndi mkazi, mwamuna amabwera poitanidwa. Kujando mnyamata amaphunzitsidwa kulimba mtima ndi kusunga chinsinsi, ndipo zimenezi zili ndi ubwino wake, koma palibe amene amamuuza kuti mwamuna naye amaloledwa kupita kwa amalume ake n'kunena kuti zinthu zamukanika. Mphamvu za kuchipinda zikachepa, amangoti zii, kapena amakagula mitsitsi pamsika. Akakayikira mkazi wake, amauza anzake m'bwato, amene malangizo awo ndi akuti, “Ingomusiya, akazi ndi ambiri.” Tisaiwalenso kuti pa chikamwini mwamuna ndi mlendo. Bwalo limakhalira pamudzi pa mkazi, omvera m'mbali ndi abale a mkazi, ndipo mwambi uja wakuti mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka amaumva ngati chigamulo chimene chidaperekedwa iye asadalakwe. Munthu amene akudziwa kuti akhoza kuuzidwa kuti anyamule bulangete lake tsiku lililonse savula mtima wake msanga.

Akazi nawo ali ndi chowatsekera pakamwa. Kunsondo, ku litiwo pa mimba yoyamba, ndi pa malangizo a usiku wa ukwati, anankungwi amabwereza mawu amodzimodzi: za m'nyumba sizituluka, banja ndi kupirira. Sindikunyoza anankungwi. Mkazi kapena mwamuna amene amaulutsa kalikonse ka m'nyumba pachitsime kapena pabawo amapasula banja lake ndi manja ake. Koma malangizowa akaperekedwa opanda malire, mtsikana amamva kuti kudandaula n'kulephera. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene adakwatiwapo m'Malawi adachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Adapezanso kuti mwa amayi amene adachitidwapo nkhanza, pafupifupi theka sadapemphe thandizo ndipo sadauze munthu aliyense. Mwa amene adapempha, ambiri adapita kwa abale awo, ochepa okha ndiwo adafika kupolisi. Ndiye kuti m'dziko muno zimene amalume kapena amayi anene pa tsiku loyamba lija ndizo zimasankha ngati munthu apulumuka kapena abwerera kukamenyedwanso.

Tsono pali vuto lina limene ankhoswe a masiku ano akulimbana nalo: mwamuna woti aitanidwe palibe. Kuyenda si kwachilendo kwa amuna a kuno. M'zaka za m'ma 1800 amuna a Chiyao ankatha miyezi yambiri pa maulendo a malonda okafika ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere, atanyamula minyanga, ndipo mwachisoni ankagulitsanso anthu anzawo. Pambuyo pake padabwera Wenela, mpaka kulemba anthu a kumigodi kudaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, kenaka kudayambiranso pansi pa TEBA mpaka kudatheratu mu 1988. Nthawi zonsezi mbumba ndiyo inkasunga mudzi. Koma wa kumigodi ankapita pa kontirakiti yodziwika kutha kwake. Wa lero amapita ku Joni payekha, nthawi zambiri wopanda mapepala okwanira, osadziwa tsiku lobwerera. Ena amakwatira sabata zochepa asadanyamuke, n'kusiya mtsikana ali ndi pakati.

Madandaulo a mabanja amenewa ali ndi mtundu wawo. Mwamuna akutumiza ndalama pa Mukuru, koma zikufikira kwa amayi ake kapena mlongo wake, mkazi n'kumakapempha sopo kwa apongozi. Nyumba ya malata ikumangidwa, koma kwawo kwa mwamuna, osati kumene kuli ana. Wachibale wina amajambula mkazi akulankhula ndi wakabaza pamsika wa Mpilipili, chithunzi n'kufika ku Durban dzuwa lisadalowe. Mkazi naye amamva kwa obwera kuti kumeneko bambo adapeza wina wowaphikira. Ndaonapo ankhoswe atakhala pamkeka, foni ili pakati, akulankhula ndi mwamuna pa WhatsApp. Zimathandizako, ndipo ndi bwino kusiyana ndi kungokhala. Koma munthu wa pafoni mawu akamuwawa amangodula, n'kudzanena mawa kuti netiweki idavuta. Palibe womutengera kumchenga. Ndipo pamene mwamunayo ndiye akutumizira nkhoswe wake ndalama ya feteleza, nkhosweyo pakamwa pamalemera.

Mabanja ena ndiye alibiretu ankhoswe enieni. Kumadoko kumabwera asodzi ochokera ku Nkhata Bay, ku Likoma, ku Salima ndi ku Mozambique, ndipo zaka zapitazi kudabweranso okumba golide m'nkhalango ya Namizimu. Mlendo akakonda mtsikana, amatenga mnzake wa m'bwato n'kunena kuti, “Awa ndi achimwene anga.” Akuchikazi, poona kuti munthuyo ali ndi ndalama lero, safunsa zambiri. Usipa ukasamuka, mkamwini ndi nkhoswe wake wobwereka uja amasamukira limodzi. Mwana akadwala, palibe kokauza. Apa mlandu ndimauika pa ife amalume. Kale ukwati sunkaloledwa akuchikazi asadaone mudzi wa mwamuna ndi kudziwa amayi ake. Kufunsa kumene munthu achokera si kunyoza mlendo. Ndi kuteteza mwana wathu, ndiponso kuteteza mlendoyo, kuti tsiku la mavuto adzakhale ndi womulankhulira.

Ankhoswe akalephera, Msilamu amapita kwa ashehe. Ambiri sadziwa kuti Chisilamu ndi mwambo wathu zimagwirizana kwambiri pa mfundo imeneyi. Mu Surat An-Nisa, ndime 35, Qur'an imalangiza kuti pakaoneka kuti banja lingathe, pasankhidwe woyanjanitsa mmodzi kwa abale a mwamuna ndi wina kwa abale a mkazi. Shehe wodziwa ntchito yake amafunsa kaye ngati zimenezi zachitika. Amakumbutsanso mwamuna kuti chakudya, chovala ndi pogona pa mkazi ndi udindo wake, kuti chilolezo cha mitala chimayendera limodzi ndi lamulo la chilungamo pakati pa akaziwo, ndi kuti talaka si mawu ongolavula munthu atapsa mtima. Pambuyo pa talaka pali eda, nyengo yodikira ya pafupifupi miyezi itatu imene mkazi amayenera kusamalidwabe, ndipo m'nyengo imeneyi mabanja ena amabwererana. Mkazi nayenso ali ndi njira yopemphera kuti ukwati uthe ngati akuzunzika kapena wasiyidwa. Amayi ambiri zimenezi sadauzidwepo. Amangodziwa kuti mwamuna akatumiza mawu pafoni akuti “ndakusiya” ndiye kuti zatha, ndipo akapanda kutumiza ndiye kuti adikirebe, kaya zaka zisanu. Magulu a amayi a dawa, amene amakumana kuphunzira za chipembedzo ndi kuthandizana pa maliro ndi matenda, ndiwo malo abwino ophunzitsira zimenezi, chifukwa pali nkhani zimene mayi sangaziyambe pamaso pa shehe wamwamuna koma angazinene kwa mayi mnzake wachikulire. Akhristu a m'derali, ngakhale ndi ochepa, ali ndi njira yofanana: akulu a mpingo, abusa kapena ansembe, ndi magulu a amayi monga Mvano ku CCAP ndi Mothers' Union ku Anglican.

Pali khomo lina limene anthu amagogodapo usiku. Mkazi akaona kuti chikondi chazirala amapita kwa sing'anga kukafuna mankhwala oti mwamuna asayang'ane kumbali, ena mpaka khuzumule woti bambo azingoti inde pa chilichonse. Mwamuna naye amakafuna otchingira mkazi wake iye akachoka. Sindiseka anthu amenewa, chifukwa chimene chimawapititsa kumeneko ndi mantha enieni otaya banja. Koma ndalama imapita, mwamuna osasintha, ndipo tsiku limene kachithumwa kapezeka pansi pa mphasa ndilo tsiku limene banja limatha, mkazi n'kutchedwa mfiti. Choipitsitsa ndi pamene sing'anga waloza apongozi kapena mkazi mnzake kuti ndiye akulodza banja. Udani umenewo umatsala ngakhale ukwati utatha.

Nkhani zina zimene zimafika kwa sing'anga kapena kwa ankhoswe n'zofunika chipatala. Banja likakhala zaka popanda mwana, chala chimaloza mkazi, pamene achipatala amanena momveka kuti vuto likhoza kukhala mwa mwamuna kapena mwa mkazi, ndipo matenda opatsirana pogonana osachizidwa bwino ndi chimodzi mwa zoyambitsa. Mwamuna akabwera kuchokera ku Joni kapena kumadoko patapita nthawi yaitali, mkazi amafuna kuti akayezetse magazi limodzi koma amaopa kuyambitsa, poti adzafunsidwa kuti, “Ukundikayikira, kapena iweyo ndiye wayendayenda?” Apa nkhoswe wanzeru akhoza kupeputsa zinthu. Akanena yekha pamaso pa onse kuti, “Ana inu, mwatalikirana nthawi yaitali, mawa mupite nonse kuchipatala,” palibe amene wanyozeka. Zipatala za Makanjira, Lungwena ndi St Martin's ku Malindi zimayeza magazi, ndipo mankhwala otalikitsa moyo ndi aulere.

Kwa amfumu kumapita nkhani zimene zatuluka kale m'nyumba: chigololo chogwidwa, kulimbirana munda, mkamwini wokana kuchoka, katundu wolandidwa. Kumeneko kuli chabwalo, kuli chindapusa cha nkhuku, mbuzi kapena ndalama, ndipo anthu amamvera poyera. Bwalo la nyakwawa kapena gulupu limathetsa mkangano, koma silibweza chikondi kawirikawiri, chifukwa manyazi a pagulu ndi ovuta kuwaiwala. N'chifukwa chake mafumu anzeru amabweza nkhani zing'onozing'ono kwa ankhoswe.

Koma pali malo amene ndikufuna kuimapo nji. Kumenya si nkhani ya ankhoswe okha. Ndamvapo akuluakulu akuuza mayi wotupa diso kuti, “Pirirani, amayi anu adapiriranso,” kapena kumufunsa kuti, “Nanga inu mudalakwa chiyani kuti akumenyeni?” Mwamuna amapepesa, amapereka nkhuku, onse amabalalika, ndipo mwezi usadathe zimachitikanso, mopitirira poyamba. Luso lonse la unkhoswe lidapangidwira anthu awiri amene asemphana koma onse angathe kulankhula momasuka. Pamene mmodzi akuopa mnzake, zimene anene pamkeka si zoona zake, ndi zimene zingamuteteze usiku umenewo alendo akapita. Kuyanjanitsa anthu otere mwachangu ndi kubweza munthu kumoto.

Malamulo a dziko lino adaika njira. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira kapena kuopseza mnzake, ngakhale kumutulutsa m'nyumba, ndipo limateteza amuna ndi akazi omwe. Nkhanza zake si zibakera zokha. Kumana banja ndalama mwadala, kutukwana kosalekeza ndi kukakamiza zili momwemo. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, imene imamva nkhani zotere pambali, kupereka uphungu, kutumiza wovulala kuchipatala ndi kutsegula mlandu pakafunika. Bungwe la YONECO lili ndi nambala zaulere, 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi ndi 116 ya ana. Ndikudziwa chimene chimabweza amayi ambiri. Amati, “Akamangidwa, ana adya chiyani?” Funsoli ndi lenileni, ndipo wolipeputsa sadagonepo ndi njala. Koma kupita kupolisi sikutanthauza kuti mwamuna amangidwa nthawi zonse. Amuna ena amasintha atangoitanidwa n'kuuzidwa ndi munthu wa yunifomu kuti zimene akuchitazo ndi mlandu. Ndipo mbumba ilipo chifukwa cha masiku ngati amenewa. Ngati amalume sangathe kudyetsa ana a mlongo wawo kwa miyezi ingapo kuti mayi wawo akhale ndi moyo, umwini mbumba wawo uli pati?

Mtunda nawo umalepheretsa. Kuchokera ku Makanjira kukafika kuboma la Mangochi, kumene kuli chipatala chachikulu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kwa zaka zambiri msewu wake wakhala wozunza, makamaka m'dzinja mitsinje ikadzaza. Mayi amene alibe ndalama ya matola, amene sadapite patali ndi sukulu, amene amamasuka m'Chiyao chokha, ulendo umenewu sangauyambe yekha. Womuperekeza woyenera ndi nkhoswe wake yemwe uja. Kuperekeza mwana wako kupolisi kapena kukhoti si kutaya mwambo. Amene adaimira ukwatiwo pa chiyambi ndiye mboni yabwino koposa ya mmene wayendera.

Si banja lililonse limene liyenera kupulumutsidwa, ndipo kutha kwa mabanja sikudayambe ndi mafoni. J. Clyde Mitchell, amene adakhala pakati pa Ayao m'zaka za m'ma 1940 n'kulemba za midzi yawo, adaona kale kuti maukwati ankatha kawirikawiri. Kafukufuku wa Georges Reniers wa 2003 adapeza kuti ku Balaka, kumene Ayao ndi ambiri, pafupifupi maukwati oyamba awiri mwa atatu alionse ankatha pasadathe zaka 25, kuposa ku Mchinji ndi ku Rumphi. Ena amawerenga zimenezi ngati chitonzo. Ine ndimaonamo mbali ina: pa chikamwini mkazi ali pamunda wake, pakati pa abale ake, ana ndi a mbumba yake, choncho sakakamizika kufera m'banja loipa poopa kubweza malowolo. Chimene chimandiwawa ndi kathedwe kake. Mwamuna amangonyamuka, ana n'kutsala opanda wowagulira kope, mayi n'kukwatiwanso mwachangu kuti apeze womulimira, ndipo mtsikana wa bambo woyamba amakankhidwira kubanja asadakhwime, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo saloledwa kukwatiwa.

Apanso ankhoswe ali ndi ntchito imene ambiri amaithawa. Amene adamanga ndiye ayenera kumasula, poyera ndi mwadongosolo: katundu agawidwe, zidziwike kuti ana azithandizidwa bwanji, mbali zonse zimve kuti ukwati watha kuti wina asadzagwidwe chigololo pa banja limene lidafa kale. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo ndi wa chipembedzo mofanana ndi wa kwa DC, choncho mayi wa unkhoswe kapena wa nika asanamizidwe kuti alibe poyambira chifukwa alibe mphete. Makhoti a majisitireti amathetsa maukwati a mwambo, amagawa katundu amene awiriwo adapeza limodzi, amalamula bambo kupereka chithandizo cha ana, ndipo m'madera a chikamwini akhala akulamula mwamuna kumangira mkazi nyumba ngati sadamange. Kwa wosowa ndalama ya loya kuli Legal Aid Bureau ya boma. Zonsezi nkhoswe ayenera kuzidziwa monga mmene amadziwira kuchuluka kwa nkhuku za pachinkhoswe.

Masiku ano unkhoswe tausandutsa ulemu wa tsiku limodzi. Timasankha amalume a kutauni chifukwa ali ndi galimoto ndipo adzaoneka bwino pazithunzi, osaganiza kuti banja likadzavuta pakati pa usiku adzakhala ali ku Lilongwe. Ena amavomera unkhoswe wa mabanja ambiri mpaka kuiwala maina a ana obadwamo. Ena amadikira kuitanidwa, pamene tonse tikudziwa kuti mwamuna saitana ndipo mkazi adauzidwa kuti apirire.

Inu amene mudavomera kukhala nkhoswe wa mwana wa mlongo wanu kapena wa mng'ono wanu, musadikire uthenga. Pitani mukawaone kulibe mlandu, mudye nawo nsima, muone mmene akuyankhulirana. Mufunse mkazi payekha, mwamuna payekha, ndipo ngati nkhaniyo ndi yoti mayi sangakuuzeni, mutume akazi anu kapena anankungwi amene amawakhulupirira. Wa ku Joni muzimuimbira inu, musadikire kuti aimbe iye, ndipo mumufunse ngati ndalama zikufika m'manja mwa mkazi wake. Mlendo akabwera kudzafunsira, muyambe mwaona kwawo. Ndipo mwana wanu akadzabwera ndi bala, musamuuze kuti apirire. Nyamukani naye tsiku lomwelo, mupite naye kuchipatala ndi kupolisi.